Mwana aoneke, za kumbuyo zikhale mbuu

Chaka chilichonse ana a pa madrasa yathu akamaliza kuloweza Juzu Amma timawatola zithunzi. Mwambo umenewu anauyambitsa ndi abambo a anawo, amene ambiri mwa iwo ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, kumene akusoka zovala, kugulitsa m'masitolo ndi kusamala nyumba za eni ake. Bambo amene watumiza ndalama ya kanzu ndi kofia amafuna kuona mwana wake atazivala, ndipo palibe angamudzudzule. Mmodzi mwa iwo, atabwera kudzadya Eid kumudzi, anatisiyira kamera yaing'ono yolowa m'thumba la malaya, ya mtundu uja galasi lake limatuluka lokha ukayatsa n'kubwereranso ukazimitsa. Anangoti, "Mwalimu, iyi ndi ya madrasa. Muzititumizira nkhope za ana athu."

Tikudziwa kuti ma ulama amasiyana maganizo pa nkhani ya zithunzi. Ena amaletsa kujambula chamoyo pokhapokha patakhala chokakamiza monga chiphaso. Ena amati chithunzi cha kamera chili ngati chimene munthu amaona pa kalilole. Ife tinatsata maganizo achiwiriwa, ndipo makolo amene amatsata oyambawo timawalemekeza: mwana wawo sitimujambula. Koma chimene chinatigwetsa ife sichinali m'mikangano imeneyo.

Zaka zitatu zapitazo, Loweruka lina mwera utaleka, tinatsika ndi ana 12 ku gombe la Senga Bay. Tinafuna kuti abambo awo aone ana pamodzi ndi nyanja imene anaisiya. Tinawandandalika pamchenga, atsikana mbali imodzi, anyamata mbali ina, chilumba cha Namalenje chili kumbuyo kwawo, n'kudina batani. Pa kasikirini kaja, dzuwa likuthobwa m'maso, tinangowerenga nkhope ndi kuona ngati wina waphethira. Madzulo omwewo chithunzi chinapita pa WhatsApp kwa makolo onse, ndipo Lolemba tinakachitsukitsa ku tauni ya Salima n'kuchimata pa bolodi la madrasa.

Lachiwiri itatha swala ya Maghrib, mkulu wina wa m'mudzi mwathu anatidikirira pakhonde la mzikiti. Anatifunsa za thanzi, za ana ndi za mtengo wa usipa, monga amachitira akuluakulu akakhala ndi mawu olemera. Kenaka anatulutsa foni.

"Mwalimu, chithunzi chija n'chokongola. Koma kodi munachiona chonse?"

Anachikulitsa ndi zala ziwiri. Pakati pa mapewa a ana awiri, cha kumbuyo pang'ono m'madzi, panali mayi wachitsikana akuchapa, chitenje atamanga pachifuwa, mutu uli pamtunda. Nkhope yake inkaoneka, maluwa a chitenje chake ankaoneka. Anali mphwake wa mkuluyo, mkazi wa mwini wake, amene mwamuna wake ali m'gulu lomwelo la WhatsApp ku Johannesburg. Mayiyu sanalakwe kalikonse. Anali pamalo pamene amayi a kwathu akhala akuchapira kuyambira kale, ndipo amuna amadziwa kuti podutsa pamenepo amayang'ana kumbali. Amene tinabwera ndi diso losadziwa kuyang'ana kumbali ndi ife.

Cha pa bolodi tinachichotsa usiku womwewo, ndipo tinapempha makolo kuti afufute cha m'mafoni. Koma madzi akatayika saoleka. Tinakapepesa kudzera mwa amalume akewo ndi mayi ake. Anatilandira bwino, komabe mayiyo anasiya kubwera ku darasa ya amayi ya Lamlungu, kumene anali atatsala pang'ono kumaliza Kaida. Ife amene timaphunzitsa ana Surat An-Nur, mmene okhulupirira amuna ndi akazi akulamulidwa kutsitsa maso awo pa ayah 30 ndi 31, tinali titatumiza maso a anthu makumi angapo kumene maso athu sakanayenera kufika.

Kwa miyezi ingapo kamera inagona m'kabati. Chimene chinatichititsa kuitulutsanso ndi chithunzi cha ukwati chimene tinaona m'nyumba ina: mkwatibwi akuoneka bwinobwino mpaka ulusi wa mpango wake, koma khamu lonse kumbuyo kwake lili mwa chimbuuzi, mitundu yokha popanda nkhope. Tinadzifunsa chifukwa chimene kamera yathu sichitira zimenezi. Tinapita nayo kwa bambo wina amene amajambula alendo obwera kudzasambira pagombe, amene amakoleka m'khosi kamera yaikulu ngati lichero la mwana. Anaitembenuza yathuyo, naseka pang'ono.

"Shehe, kameneka kali ngati mwana wamng'ono. Kamanena chilichonse chimene kaona."

Anatisonyeza manambala olembedwa mozungulira galasi la kutsogolo, limene amalitcha lenzi: 5.0–25.0 mm, kenaka 1:3.2–6.5. Tinali titawaona kambirimbiri osawafunsa tanthauzo. Iye amadziwa ntchitoyi ndi manja, ndipo zimene anatiuza tsiku limenelo zinali zoona. Chifukwa chake tinachita kuchifufuza patokha, ndipo tinachipeza pamalo amene sitinkayembekezera.

Tili ku koleji, m'phunziro la mbiri ya Chisilamu, tinaloweza dzina la Al-Hasan Ibn al-Haytham chifukwa cha mayeso basi. Anabadwira ku Basra cha m'ma 965, anagwira ntchito ku Cairo, namwalira cha m'ma 1040. Buku lake la Kitab al-Manazir, la magawo 7, linasonyeza kuti munthu amaona chifukwa kuwala kochokera ku zinthu kumalowa m'diso, pamene anzeru ambiri akale ankati diso ndi limene limatulutsa kuwala. Anayesa zimenezi poika nyali zingapo kunja kwa malo amdima okhala ndi kabowo, ndipo nyali iliyonse inkaponya kuwala kwake pakhoma la mkati molunjika ndi kabowoko. Akaphimba imodzi, kuwala kwake kokha kunkazimirira. M'chaka cha 2015, chimene bungwe la United Nations linachipatula kukhala chaka cha kuwala, dziko linakumbukira zaka 1,000 za bukuli. Ife tinalikumbukira mochedwa, manyazi atatikakamiza.

Tinatenga katoni ya sopo, mbali imodzi tinamata pepala lopyapyala lopaka mafuta, mbali inayo tinaboola ndi singano, n'kudzifunditsa bulangete pamodzi ndi ana a kalasi yaikulu. Pa pepalapo panaoneka mtengo wa mango wa pabwalo, mnara wa mzikiti ndi phiri la kutali, zonse zitazondoka, zonse zooneka mofanana, chapafupi ndi chakutali chomwe. Titakulitsa bowolo ndi msomali, chithunzi chinawala kwambiri koma chonse chinasanduka mbuu. Apa m'pamene tinamvetsa ntchito ya lenzi. Bowo likakula, kuwala kochokera pa kadontho kamodzi kamafika komwazikana. Lenzi imakusonkhanitsanso, koma imatha kutero pa mtunda umodzi wokha nthawi imodzi. Zimene zili pa mtunda umenewo zimaoneka bwino, zotsalazo zimamwazikabe, ndipo zimamwazika molingana ndi kukula kwa bowolo. Yesani nokha: imikani chala patsogolo pa mphuno, tsekani diso limodzi, muchiyang'anitsitse. Khomo la kumbuyo lija lasungunuka.

Tsono manambala aja amanena za bowo lomweli. Woyamba ndi kutalika kwa lenzi, wachiwiri ndi wogawira. Ife amene tinakhalira kuwerengera magawo a mirathi sitinavutike nazo. Kamera ikangoyatsidwa, zumu isanakhudzidwe, lenzi imakhala pa mamilimita 5. Kugawa ndi 3.2 tikupeza kuti bowo lake ndi milimita imodzi ndi theka, ngati njere ya mapira yaing'ono. Lenzi imene mnzathu wa pagombe amajambulira nkhope ndi ya mamilimita 85 pa 1.8, ndiye kuti bowo lake ndi mamilimita 47, kukula ngati dzira la nkhuku. Kamera yathu, kunena zoona, ndi katoni ya sopo ija yoboola ndi singano. Sikuti anaipanga molakwika. Kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwake, kotchedwa sensa, n'kochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, mamilimita 6 m'litali ndi osakwana 5 m'lifupi, pamene ka makamera akuluakulu kamafanana ndi filimu yakale ija ya mamilimita 36 ndi 24. Sensa yaing'ono imayenda ndi lenzi yaifupi, lenzi yaifupi imayenda ndi bowo laling'ono. Opanga ake ankafuna kuti munthu wosadziwa kujambula asaphonye kanthu, ndipo chinawathekera: pa mamilimita 5, ukalunjika munthu amene ali pa mamita awiri, chilichonse kuyambira pa mita imodzi mpaka ku mapiri a kutsidya chimaoneka bwino.

Pali kawerengedwe kamodzi kamene kanatithandiza kuposa zonse. Tengani mtunda wochokera pa mwana kukafika pa chinthu cha kumbuyo, muugawe ndi mtunda wochokera pa inu kukafika pa mwanayo, kenaka muchulukitse ndi kukula kwa bowo. Yankho lake ndi kukula kwa chimbuuzi chimene chidzaphimba kadontho kalikonse ka chinthu chakumbuyocho. Tsiku lija ana anali pa mamita 4 kuchokera pa ife, mayi uja mamita 8 kumbuyo kwawo. Ndiye kuti 2 kuchulukitsa ndi milimita imodzi ndi theka: mamilimita atatu okha, osakwana kubisa ngakhale nsidze. Kamera ya mnzathuyo, itaima pomwepo, ikanamuphimba ndi masentimita 9.

Mwa zinthu zitatu za m'kawerengedweka, kamera imalamulira chimodzi chokha. Ziwiri zinazo ndi za miyendo yathu.

Choyamba chimene tinasiya ndi kujambula zumu ili pa chiyambi. Timaikoka mpaka pa mapeto, pa mamilimita 25. Poyamba tinkaona ngati tikutaya, chifukwa nambala yogawira ija imakwera kufika pa 6.5 ndipo tinali titamva kuti nambala yochepa ndiyo yabwino. Koma 25 kugawa ndi 6.5 ndi pafupifupi mamilimita 4, kuposa kawiri bowo loyamba lija. Zumu ili ndi phindu linanso limene tinalikonda kwambiri: imachepetsa dera limene kamera ikuona. M'malo mwa gombe lonse ndi mabwato ake ndi ochapa ake, kumbuyo kwa mwana kumatsala kachigawo ka madzi kokwana kukasankha. Apa tikunena zumu ya lenzi yeniyeni. Ina ija yotchedwa ya dijito, imene imapitirira pamene lenzi yasiyira, imangodula chithunzi n'kuchikulitsa. Bowo silisintha, ndipo ife tinaizimitsiratu.

Kenaka timamuyandikira mwanayo mpaka mutu ndi mapewa zidzaze chithunzi, zimene pa kamera yathu zimakhala pa mamita awiri. Pamenepo chigawo chooneka bwino chimatsala cha masentimita pafupifupi 40, chokwanira nkhope, kofia ndi Mus'haf imene wafukata pachifuwa. Chifukwa chigawocho n'chopapatiza, timalunjika kabokosi ka pakati pa diso la mwana, kudina batani theka mpaka kabiriwire, ndiyeno kumaliza. Zumu ikatalika manja amanjenjemeretsa chithunzi, choncho timatsamiritsa zigongono pa bwato logadamika. Bwato la msodzi wina woyandikana nafe lagwira ntchito imeneyi zaka ziwiri tsopano, ndipo mwini wake amati tiyambe kulipira lendi.

Chachikulu koposa ndi pamene timamuimika mwanayo. Munthu akafuna kujambulidwa amathamangira kukatsamira chinthu, khoma, mtengo kapena thandala la usipa, ndipo chinthucho chimaoneka bwino chimodzimodzi iye mwini. Pa nkhani iyi anthu a m'mphepete mwa nyanja Allah anatipatsa chimene a m'tauni alibe, kumbuyo kumene kulibe mapeto. Mwana akaima pa mamita awiri ndipo bwato loyandikira lili pa mamita 30, kawerengedwe kaja kakupereka 14 kuchulukitsa ndi mamilimita 4, ndiye kuti masentimita oposa 5. Maso, mphuno ndi pakamwa pa munthu wa m'bwatomo zimasungunuka. Namalenje amasanduka mthunzi wofewa, ndipo kunyezimira kwa mafunde kumakhala timadontho tozungulira ngati mikanda.

Nthawi nayo tinaisintha. Kuno dzuwa limatulukira m'nyanja, kotero m'mawa mwana wofulatira nyanja amakhala wafulatiranso dzuwa ndipo nkhope yake imada. Masana likaswa mtengo, mchenga ndi madzi zimabweza kuwala kochuluka, ndipo makamera ambiri amachepetsa bowo lija pawokha. Itatha swala ya Asr dzuwa limakhala kumtunda, kumbuyo kwa wojambula, n'kumawala pankhope ya mwana mofatsa. Amene kamera yake ili ndi chilembo A kapena Av angathe kusankha yekha nambala yochepetsetsa imene ikulola. Yathu ilibe, choncho timasankha kachizindikiro ka mutu wa munthu, kamene kamauza kamera kuti itsekule bowo momwe ingathere.

Pali malo amodzi pamene kamera yaing'ono imapambana popanda kuivutitsa, ndipo tinawapeza mwangozi. Kachizindikiro ka duwa kamailola kuyandikira chinthu mpaka masentimita ochepa, ndipo pamenepo chigawo chooneka bwino chimatsala cha mamilimita owerengeka. Tinajambula chala cha mtsikana wa zaka 6 chitaloza chilembo cha ba mu Kaida yake: kadontho ka pansi pa chilembocho ndi nsonga ya chala zikuoneka ngwee, mizere ina yonse yasungunuka. Chithunzicho chilibe nkhope, kotero ngakhale agogo ake, amene safuna zojambula anthu, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti MashaAllah. Bambo ake a mtsikanayo anatiuza kuti analizindikira dzanjalo ndi chipsera cha moto wa mbaula.

Ena adzati bwanji osangogwiritsa ntchito foni. N'zoona kuti kuyambira cha m'ma 2016, pamene iPhone 7 Plus inabwera ndi njira yojambulira nkhope kumbuyo kuli mbuu, mafoni ambiri amachita zimenezi. Koma chimbuuzi cha foni n'chopaka: sensa yake nayo ndi yaing'ono, imaona zonse bwinobwino, kenaka kompyuta ya m'kati imayerekeza pamene munthu wathera n'kufufuta kwinako. Nthawi zina imadya m'mphepete mwa hijabu, nthawi zina imasiya kampata kooneka bwino pakati pa mkono ndi thupi, ndipo pa mafoni ena mwini wake angathe kuchichotsa pambuyo pake, zonse za kumbuyo n'kubwerera. Aliponso makamera a m'thumba a sensa yokulirapo, monga Sony RX100 imene inatuluka mu 2012, koma madrasa imene imagula choko ndi zopereka za pa Ijumaa siingalote zimenezo.

Tisanamizane, komabe. Masentimita 5 amabisa nkhope, sabisa thupi. Munthu akakhala mamita 8 okha kumbuyo kwa mwana, ngakhale titachita zonse tanenazi, chimbuuzi chake sichikwana masentimita awiri, ndipo m'mudzi muno anthu amazindikirana ndi chitenje, msinkhu ndi kaimidwe. Chithunzi cha gulu nacho sichilola njira imeneyi: kuti ana 12 alowe onse, timayenera kubwerera kutali kapena kubweza zumu, ndipo kamera imayambiranso kunena zonse. Choncho cha gulu timatolera pakhoma la mzikiti, kumene kumbuyo kuli laimu yekha. Ku gombe timapita ndi mwana mmodzimmodzi, kumpoto kwa doko, kutali ndi pochapira, ndipo tisanadine timayang'ana ngodya zinayi za kasikirini, chinthu chimene tsiku lija sitinachite. Chithunzi chilichonse timachikulitsa pa foni ndi mmodzi wa amayi a komiti tisanachitumize.

Chaka chino, mwa ana 9 amene anamaliza Juzu Amma panali mlongo wake wamng'ono wa mayi uja. Sitinkadziwa ngati banjalo lilola. Mnyamatayo anabwera atavala kanzu yatsopano yomukulira, ndipo amene anamuperekeza ndi mlongo wakeyo, mwana ali kumsana. Anatipatsa salamu, tinayankha, osawonjezera kanthu. Anaima kumbuyo kwathu, mbali ya dzuwa, kumene kamera siiona.

Titatola choyamba anati, "Mwalimu, ndione nawo."

Tinamupatsa kamera. Anaiphimba ndi mpango kuti aone bwino, nayang'ana mlongo wake kanthawi kochepa, kenaka maso ake anapita pangodya ya kumanzere, pamene panali kanthu kofiirira koima m'madzi.

"Ameneyu ndani?"

"Sitikumuzindikira, mayi."

Anachikulitsa mpaka pamapeto, nachiyang'anitsitsa, kenaka anakweza maso kuyang'ana kunyanja kwenikweniko, kumene mnyamata wina ankatsuka ukonde madzi akumulekeza m'chiuno.

"Nanenso pa chithunzipa sindikanamudziwa," anatero. "Komabe fufutani. Tidikire atuluke."

Tinafufuta. Tinakhala pa bwato lija, mnyamata wa kanzu akukumba mchenga ndi chala cha kuphazi, mpaka wa ukondeyo anamaliza n'kukwera kumtunda. Dzuwa linali litatsika kwambiri, ndipo tinangotola ziwiri zokha adhana ya Maghrib isanamveke.